Nyama Ikagwa: Mutare, Mozambique ndi Ulemu wa Nkhondo ya Ufulu wa Zimbabwe

Mlendo wofika mumzinda wa Mutare, kum'mawa kwa Zimbabwe, akakweza maso amaona mtanda waukulu pamwamba pa kaphiri kotchedwa Cross Kopje. Mtandawu anauimika m'chaka cha 1924 ndi mkulu wa asilikali wachizungu, Colonel Methuen, pokumbukira anthu akuda a ku Rhodesia ndi ku Mozambique amene anafera ku East Africa pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Ulemu wa kupambana nkhondo imeneyo unapita ku London, ndipo za amtengatenga a ku Nyasaland amene anathera m'njira atasenza katundu wa asilikali zinakumbukika mochedwa. Komabe mtandawu unachita chinthu chosowa: unaika anthu a mbali ziwiri za malire pa chikumbutso chimodzi. Patapita zaka makumi asanu, anthu a mbali ziwiri zomwezo anamenyanso nkhondo imodzi, ndipo funso la mwini chipambanocho likadali lovuta kuyankha.

Amene anakulira kumudzi amadziwa kuti pa uzimba anthu amagwirizana nyama ikadali kuthamanga. Mkangano umabuka nyamayo ikagwa: wina akuti ndinayamba kulasa ndine, wina akuti agalu anali anga, wina akuti tchireli ndi la makolo anga. Mayiko ogwirizana pa nkhondo sasiyana kwenikweni ndi alenje amenewa. Bungwe la IFOP litafunsa anthu a ku France mu Meyi 1945 kuti dziko limene linathandiza kwambiri kugonjetsa Germany ndi liti, anthu 57 mwa 100 alionse anatchula Soviet Union. Funso lomwelo litafunsidwa mu 2004, anthu 58 mwa 100 alionse anatchula United States. Zochitika za nkhondoyo zinali zomwe zija, koma ozifotokoza anali atasintha.

Tibwerere ku Mutare, umene nthawi imeneyo unkatchedwa Umtali. Asilikali a ZANLA, gulu lankhondo la chipani cha ZANU, anatsegula nkhondo ya kumpoto chakum'mawa mu Disembala 1972 poukira famu ya Altena, atadzera m'chigawo cha Tete mololedwa ndi FRELIMO. Boma la Portugal litagwetsedwa ndi asilikali ake pa 25 Epulo 1974, ndipo Mozambique italandira ufulu pa 25 Juni 1975, malire onse a kum'mawa, otalika kupitirira makilomita 1,000, anasanduka khomo lolowera omenyera ufulu. Mu Epulo 1975 Robert Mugabe ndi Edgar Tekere anawolokera ku Mozambique kudzera m'mapiri a Nyanga mothandizidwa ndi mfumu Rekayi Tangwena. Ana a sukulu zikwizikwi a m'chigawo cha Manicaland anatsata njira zomwezo.

Pa 3 Malichi 1976 Samora Machel anatseka malire ndi Rhodesia potsatira chilango cha bungwe la United Nations. Dziko lake linali lisanathe chaka chimodzi lili pa ufulu, ndipo gawo lalikulu la chuma chake linkachokera ku njanji ndi doko la Beira zimene zinkanyamula katundu wa Rhodesia. Machel anadziwa kuti akudzidula chakudya pakamwa. Zotsatira zake sizinachedwe. Pa 9 Ogasiti 1976 asilikali a Selous Scouts analowa mumsasa wa Nyadzonia n'kupha anthu oposa 1,000, ndipo patangopita masiku ochepa mabomba ochokera tsidya la malire anagwa mu Umtali. Pa 23 Novembala 1977 ndege ndi asilikali a Rhodesia anaukira misasa ya Chimoio. Mu Seputembala 1979 anaphwasula milatho m'chigwa cha Limpopo, m'chigawo cha Gaza. Pofika chaka chimenecho, asilikali mazana angapo a FRELIMO anali akumenya nkhondo m'kati mwa Rhodesia limodzi ndi a ZANLA.

Bala lalikulu koposa linakonzedwa pafupi ndi Mutare pomwepo. Pa famu ina ku Odzi, akazitape a Rhodesia otsogozedwa ndi Ken Flower anasonkhanitsa ndi kuphunzitsa gulu limene linadzatchuka ndi dzina lakuti RENAMO, mtsogoleri wake woyamba ali André Matsangaissa. Zimbabwe italandira ufulu pa 18 Epulo 1980, gululi linali litaperekedwa m'manja mwa South Africa, ndipo nkhondo ya ku Mozambique inapitirira mpaka pangano la ku Rome la pa 4 Okutobala 1992. Ine ndimaona kuti powerengera mtengo wa ufulu wa Zimbabwe, zaka khumi ndi ziwiri zimenezi siziyenera kusiyidwa kunja, ngakhale kuti nkhondo ya RENAMO inalinso ndi mizu ina ya m'dziko momwemo imene FRELIMO singaikane.

Nanga nyama inagawidwa motani? Sitinganene kuti Zimbabwe inaiwala. Msewu waukulu wa Jameson mu Harare unapatsidwa dzina la Samora Machel, ndipo ku Chimoio ndi ku Nyadzonia kuli zikumbutso. Koma m'nkhani yofotokozedwa pa misonkhano ya boma, Mozambique kawirikawiri imaoneka ngati mwininyumba wokoma mtima amene anangopereka pogona, pamene wolasa nyama ndi ZANU yokha. Nkhani imeneyi imalambalala mfundo yakuti nkhondoyo inathera pa zokambirana za ku Lancaster House, kumene pangano linasainidwa pa 21 Disembala 1979, ndiponso kuti Mugabe atafuna kutuluka m'zokambiranazo, Machel anamutumizira uthenga kudzera mwa Fernando Honwana womuuza kuti Mozambique singathenso kupirira nkhondoyo. A ku Britain nawo amakonda kunena kuti mtendere unabwera ndi luso la Lord Carrington. Aliyense amayambira nkhaniyi pamene iye analowera.

Amene anamanidwa kwambiri anali a m'nyumba momwemo. ZIPRA, gulu lankhondo la ZAPU ya Joshua Nkomo, linali ndi misasa ku Zambia ndipo linkalandira zida kuchokera ku Soviet Union, pamene ZANLA inkadalira China. Zambia nayo inalipira: mu Okutobala 1978 ndege za Rhodesia zinaphulitsa misasa ya Chikumbi ndi Mkushi. Koma mu 1982 akuluakulu a ZIPRA, Lookout Masuku ndi Dumiso Dabengwa, anamangidwa, ndipo Masuku atamwalira mu 1986 anaikidwa ku Bulawayo, kutali ndi manda a ngwazi a Heroes Acre. Ndabaningi Sithole, mtsogoleri woyamba wa ZANU, anamwalira mu 2000 ndipo ulemu wa ungwazi anapatsidwa mu 2022. Katswiri wa mbiri Terence Ranger analemba mu 2004 za mbiri yotereyi, yokonzedwa kuti itumikire chipani cholamula. Wochepetsa mbali ya ZIPRA amachepetsanso mbali ya Zambia, pakuti ziwirizi zinamangidwa mtolo umodzi.

Monga wophunzitsa za zilankhulo, ndimapeza umboni wina m'kamwa mwa anthu. Omenyera ufulu anabwerera kwawo ndi mawu a Chipwitikizi amene anatola m'misasa ya FRELIMO. Mawu akuti povo, otanthauza anthu wamba, ndi akuti shefu, otanthauza wamkulu wa chipani kapena wa boma, anakhazikika m'Chishona ndi m'Chingerezi cha ku Zimbabwe, kotero kuti achinyamata ambiri amawagwiritsa ntchito osadziwa kumene anachokera. Chochititsa chidwi n'chakuti povo, amene m'kamwa mwa Machel anali mawu aulemu, ku Zimbabwe anayamba kumveka ngati onyoza, otchulira anthu amene alibe gawo pa nyama ija. Pakati pa anthu amenewa pali amujibha ndi achimbwido, anyamata ndi atsikana amene ankazonda adani, kuphika ndi kunyamula katundu wa asilikali.

Ngongole ina inabwezedwa ndithu. Akulu anati mnzako akapsa ndevu m'zimire, ndipo kuyambira 1982 asilikali a Zimbabwe analondera njanji, msewu ndi paipi ya mafuta yochokera ku Beira kufika ku Feruka, pafupi ndi Mutare. Mu Ogasiti 1985 anathandiza kulanda likulu la RENAMO la Casa Banana ku Gorongosa. Koma apanso wofotokoza ayenera kusamala, chifukwa paipiyo inali mtsempha wa chuma cha Zimbabwe yomwe, ndipo kuthokoza ndi kudziteteza zinayendera limodzi. Ife a ku Malawi tilibe chodzitamira chachikulu pa nkhaniyi, poti boma la Dr Banda linali pa ubale ndi South Africa kuyambira 1967 ndipo silinali m'gulu la mayiko a Frontline. Gawo lathu linadza pambuyo pake ndipo linasenzedwa ndi anthu a m'midzi ya ku Nsanje, Mwanza, Ntcheu ndi Dedza, amene anagawana minda ndi zitsime ndi othawa nkhondo a ku Mozambique pafupifupi miliyoni imodzi.