Pomwe saksofoni iyenera kulowera

Ambuya anga anaimba kwaya ku Matero zaka zambiri. Atamwalira tinapeza kabuku ka sukulu pansi pa sutikesi yao, kodzaza ndi d, r, m, f. Imeneyo ndi tonic sol-fa, kalembedwe ka nyimbo kamene John Curwen anafalitsa ku England, amishoni n'kubwera nako kuno. Pa tsamba lina ambuya analemba ndi pensulo kuti "apa saksofoni ilowe". Zimene saksofoniyo inali kuimba sanalembe. Woiiza anazisunga m'mutu, ndipo naye anatsikira kuli cete kalekale.

Anzanga ambiri amaganiza kuti lipenga limeneli ndi la m'mabala basi. Koma Adolphe Sax asanalandire n'komwe cikalata ca umwini wake mu 1846, Jean-Georges Kastner anali ataliika kale m'nyimbo yaitali ya nkhani ya m'Baibulo, imene inaimbidwa ku Paris mu 1844. Khomo linadzatsekedwa pambuyo pake. Mu 1903 Papa Pius X analetsa piyano, ng'oma ndi mabandi m'chalichi ca Akatolika, ndipo zinthu zinamasuka mu 1963, pamene msonkhano wa Vatican II unavomereza nyimbo za eni dziko pa Misa. Conco ng'oma zimene mumamva Lamlungu ku Kanyama kapena ku Mtendere sizinalowe mwaulere. Zinadikira panja zaka zambiri.

Anansi athu ku Congo sanadikire. Mu 1958 ku Kamina, Bambo Guido Haazen ndi kwaya ya anyamata anapanga Missa Luba popanda pepala, aliyense akutsatira khutu lake. Makwaya akunja ataifuna, m'pamene Haazen anailemba m'manotsi. Lero imaimbidwa m'maiko ambiri cifukwa ca pepalalo, ngakhale kuti ine ndimaona ngati pepala linaiumitsa pang'ono.

Ku Ulaya akatswiri amatha zaka akuyerekezera zolemba zakale za nyimbo imodzi, kukonza pamene wokopera analakwitsa, kenaka n'kusindikiza buku lodalirika. Ife zathu zili m'masutikesi, ndipo mvula ikasefukira m'komboni mapepala ndiwo amayamba kuola.

Kabukuka ndinakajambula ndi foni, tsamba ndi tsamba. Loweruka ndinapita nako kwa amai ena okalamba amene anaimba alto pafupi ndi ambuya. Anayang'ana tsambalo nthawi yaitali, anatseka maso, n'kuyamba kung'ung'udza pamalo pomwe pensulo inalozera. Anakumbukira theka cabe, ndipo thekalo ndinalijambula.