Kalembera

Mawuwa amachokera ku mneni woti "kulemba". Kalembera ndi ntchito yolemba anthu maina m'kaundula, kaya powawerenga, monga zidachitikira mu 2018, kaya powakonzekeretsa kukavota. Kale ankatanthauza mlembi wokhala pansi pa mtengo ndi cholembera ndi buku, akufunsa dzina lako, mudzi ndi mfumu yako.

Lero cholemberacho chidasanduka makina. Pa kalembera wa ziphaso za unzika wa 2017, bungwe la National Registration Bureau lidajambula nkhope ndi kutenga zidindo za zala za Amalawi oposa 9 miliyoni. Chaka chotsatira, bungwe la MACRA lidalamula kuti nambala iliyonse ya foni ilembetsedwe. Pokonzekera chisankho cha pa 16 Sepitembala 2025, munthu ankayenera kuonetsa chiphaso cha unzika kuti alembetse, ndipo zipani zotsutsa zidadandaula za makina a kampani ya Smartmatic.

Chimene chimandidetsa nkhawa ndi ichi: wolembedwa m'buku ankaliona dzina lake ndi maso, likalakwika ankaloza pomwepo. Mayi wa kumudzi amene dzina lake lasowa mu kompyuta amangouzidwa kuti makina akana, ndipo wokamudandaulira samudziwa.