Cache ya webusaiti

Cache ya webusaiti ndi njira yosungira kwa kanthawi makope a masamba, zithunzi ndi mafayilo ena a pa intaneti, kuti akafunikanso asachite kukatengedwa ku seva yomwe amachokera. Njirayi imathandiza kuti tsamba litseguke msanga, imapeputsa ntchito ya seva, komanso imapulumutsa data ya wowerenga. Kawirikawiri imayendera limodzi ndi kuchepetsa kukula kwa mafayilo.

Mmene imagwirira ntchito

Munthu akatsegula tsamba koyamba, browser yake, monga Chrome kapena Firefox, imapempha seva kuti itumize zonse zopanga tsambalo: mawu, zithunzi, ndi mafayilo a CSS ndi JavaScript. Seva imatumiza zinthuzi pamodzi ndi malangizo otchedwa Cache-Control, amene anabwera ndi HTTP/1.1 mu 1997. Malangizowa amanena masekondi amene fayilo ingasungidwe. Mwachitsanzo, max-age=86400 ndi tsiku limodzi. Nthawiyo ikatha, browser imafunsa ngati fayilo yasintha. Ngati sinasinthe, seva imangoyankha ndi nambala 304, osaitumizanso.

Kumene makope amasungidwa

Malo oyamba ndi m'foni kapena m'kompyuta ya wowerenga mwiniwakeyo. Malo achiwiri ndi pulogalamu yoikidwa patsogolo pa seva, imene imayankha alendo ndi tsamba lokonzedwa kale m'malo molipanganso nthawi iliyonse. Mapulogalamu odziwika ndi Squid, amene anatuluka mu 1996, ndi Varnish, amene Poul-Henning Kamp wa ku Denmark analemba ndipo anatuluka mu 2006, atapangidwira nyuzipepala ya ku Norway ya Verdens Gang.

Malo achitatu ndi CDN, gulu la maseva omwazikana m'mayiko ambiri, kuti wowerenga alandire kope kuchokera pa seva imene ili pafupi naye. Kampani ya Akamai inakhazikitsidwa mu 1998, ndipo Cloudflare inayamba kutumikira anthu mu 2010. Wikipedia nayo ili ndi maseva a cache m'mizinda monga Amsterdam, Marseille ndi Singapore, ngakhale kuti maseva ake aakulu ali ku United States.

Kuchepetsa mafayilo

Cache ya m'foni sithandiza munthu amene akutsegula tsamba koyamba, n'chifukwa chake mafayilo amachepetsedwanso. Mafayilo a mawu amapanikizidwa ndi gzip, ya mu 1992, kapena Brotli ya Google. M'mafayilo a CSS ndi JavaScript amachotsamo mipata ndi ndemanga zimene kompyuta sizifuna. Zithunzi, zomwe nthawi zambiri zimalemera kuposa mawu, zimachepetsedwa kapena kusinthidwa kukhala za mtundu wa WebP, umene Google inalengeza mu 2010. Zithunzi za kumunsi kwa tsamba zimathanso kudikira mpaka wowerenga atatsikirako.

Mavuto ake

Vuto lalikulu la cache ndi lakuti wowerenga angaone zinthu zakale, monga mtengo wa katundu umene unasintha kale. Pothana ndi zimenezi, oyang'anira mawebusaiti amasintha dzina la fayilo nthawi iliyonse ikakonzedwa, kapena amafufuta makope akale pa CDN. Masamba okhala ndi zinsinsi, monga a akaunti ya kubanki, amalembedwa no-store kuti asasungidwe n'komwe, chifukwa kulakwitsa pang'ono kungachititse kuti munthu aone tsamba la mnzake.

Kufunika kwake

Mu 2010, Google inalengeza kuti liwiro la webusaiti ndi chimodzi mwa zinthu zimene imayang'ana posanja zotsatira za kusaka. Kwa owerenga a m'mayiko monga Malawi, kumene ambiri amalowa pa intaneti pafoni pogula bandulo, tsamba lopepuka limatseguka ngakhale netiweki ili yofooka, ndipo silimaliza bandulo msanga.