Khonde la Truman ndi thumba la aphungu

Mu Okutobala 2025 ambiri tinaona zithunzi za makina akugumula mbali ya kum'mawa ya White House ku Washington kuti Pulezidenti Trump amangepo holo yaikulu ya maphwando. Mkangano umene wabukawo ndi wakale: kodi wokhala m'nyumba ya boma angamangepo chilichonse chimene wafuna?

Pulezidenti Harry Truman anayesapo kawiri. Mu 1946 anafuna kukulitsa mbali ya kumadzulo, kumene kuli maofesi. Nyumba ya Malamulo, yotchedwa Congress, inali itavomereza kale ndalama, koma anthu atadandaula kuti nyumba ya mbiri iwonongeka, aphungu anazibweza. Ntchito inafera pomwepo. Truman anapsa mtima koma analibe pogwira, chifukwa malamulo aakulu a dzikolo amati ndalama ya boma situluka popanda aphungu kuvomereza. Palinso lamulo la 1912 loletsa kumanga pa malo a boma mumzindawo popanda chilolezo cha Congress.

Ulendo wachiwiri anachenjera. Ankafuna khonde la m'mwamba, chakummwera, loti banja lake lizipitidwako mphepo. Commission of Fine Arts, bungwe la akatswiri oona za maonekedwe a nyumba za boma, inakana. Koma ntchito ya bungwelo inali kulangiza basi, osati kuletsa. Truman sanapitenso kwa aphungu. Anatapa pa ndalama zoyendetsera nyumbayo, pafupifupi madola 16,000, ndipo khonde linatha mu 1948. Manyuzipepala anamuseka kwambiri, koma khondelo lilipo mpaka lero ndipo limadziwika ndi dzina lake. Kunena zoona ndi lokongola, ngakhale njira imene anadzera ine siinditsikira bwino: anazemba aphungu chifukwa ntchitoyo inali yotchipa.

Chaka chomwecho mwendo wa piyano ya mwana wake Margaret unaboola pansi m'chipinda cham'mwamba. Matabwa a nyumba yonse anali atatheratu. Ntchito yaikulu chonchi sakanaibisa m'ndalama za pakhomo, choncho anabwerera kwa aphungu aja. Mu 1949 Congress inapereka madola 5.4 miliyoni n'kukhazikitsa komiti ya anthu 6 yoyang'anira ntchitoyo, 4 mwa iwo ochokera ku Nyumba ya Malamulo, pulezidenti n'kungosankha 2. Banja la Truman linakhala ku Blair House, kutsidya kwa msewu, mpaka mu Malichi 1952.