India ndi ife: zina zofunika kudziwa za dziko la amwenye

Munthu amene ali pa ulendo wochokera ku Namitete kupita ku Nsaru kapena ku Kabudula angaganize kuti India ndi dziko lakutali lomwe silimukhudza. Komatu njinga yamoto ya kabaza imene wakwera, ngati ndi Boxer kapena TVS, ndi ya kampani ya ku India. Mitengo ya malaina, ya nimu ndi ya mango imene akudutsa m'njira kwawo ndi ku India ndi maiko oyandikana nalo, ndipo pali mtengo wina umene anthu anangoutcha kuti indiya. Ng'ombe za linunda zokoka ngolo ndi mtundu umene unayamba kuwetedwa m'chigwa cha mtsinje wa Indus. Ngakhale manambala olembedwa pa ndalama yomwe alipire wakabazayo anayambira ku India, ndipo anafika ku Ulaya kudzera mwa Aluya. Katswiri wa masamu wa kumeneko, Brahmagupta, analemba malamulo owerengera ndi ziro m'chaka cha 628. Tasonkhanitsa mfundo zili m'munsizi kuti akhristu ndi makatekisiti alidziwe bwino dzikoli ndi anthu ake, omwe ena a iwo takhala nawo kwa zaka zoposa 130.

Dziko ndi anthu ake

India linalandira ufulu wodzilamulira kuchoka m'manja mwa Angerezi pa 15 Ogasiti 1947, kudakali zaka 17 kuti ife tilandire wathu. Muli anthu oposa 1.4 biliyoni, ndipo mu 2023 linaposa China n'kukhala dziko la anthu ambiri koposa pa dziko lonse lapansi. Chigawo chimodzi chokha cha Uttar Pradesh chili ndi anthu oposa 200 miliyoni. Malamulo aakulu a dzikoli amatchula zilankhulo 22, ndipo ndalama yapepala imalembedwa mtengo wake m'zilankhulo 17. Choncho mawu athu akuti "chimwenye" amaphimba zilankhulo zambiri zomwe eni ake sangamvane. Kalembera wa mu 2011 anapeza kuti mwa anthu 100 alionse pafupifupi 80 ndi Ahindu, 14 ndi Asilamu, ndipo akhristu ndi awiri ndi pang'ono. Ahindu amalemekeza ng'ombe ndipo ambiri sadya nyama yake, koma mkaka amamwa, moti palibe dziko lokama mkaka wambiri kuposa India.

Chinthu chovuta kuchimvetsa kwa ife ndi magulu obadwa nawo. Kuyambira kalekale munthu ankabadwira m'gulu lomwe linkalamula ntchito imene adzagwire, munthu amene adzakwatirane naye ndi amene angadye naye mbale imodzi. Pansi pa onse panali anthu omwe ankatengedwa ngati odetsedwa, osayenera kukhudzidwa ngakhale kutunga madzi pa chitsime cha anzawo. Lero amadzitcha Dalit. Mmodzi wa iwo, B. R. Ambedkar, ndi amene anatsogolera komiti yolemba malamulo aakulu a dzikoli, omwe anayamba kugwira ntchito pa 26 Januwale 1950 ndi kuletsa tsankholi. Lamulo linaletsa, koma m'midzi yambiri khalidweli silinathe.

Mmene amwenye anafikira kuno

Ubalewu ndi wakale kuposa boma la atsamunda a Chingerezi. Mpaka m'chaka cha 1752, Apwitikizi ankalamulira malo awo a ku Mozambique kuchokera ku Goa, m'mbali mwa nyanja ku India. Nsalu ndi mikanda ya ku India zinkakwera mtsinje wa Zambezi kufika ku Sena ndi ku Tete, kumene ankazisinthanitsa ndi minyanga ya njovu yochokera kwa Amaravi. Banja lina lochokera ku Goa, la Caetano Pereira, linakhazikika kumpoto kwa Tete m'dziko la mfumu Undi, ndipo ana ake anadzakhala mafumu a dera la Makanga.

Kuno kwathu oyamba kufika mwa gulu anali asilikali. Mu 1891 Harry Johnston, mkulu woyamba wa boma la atsamunda, anabweretsa asilikali pafupifupi 70 kuchokera ku India, ambiri mwa iwo Asikh ovala nduwira, motsogozedwa ndi Cecil Maguire. Maguire anaphedwa mu Disembala chaka chomwecho pomenyana ndi anthu a mfumu Makanjira ku nyanja. Asilikali a Chisikh anamenya nawo nkhondo yogonjetsa Mlozi ku Karonga mu 1895, ndiponso yogonjetsa Angoni a Mpezeni mu 1898. Nkhondozi zinathetsa malonda a ukapolo m'madera ena, koma zinalandanso mafumu ufulu wawo. Zonse ziwiri ndi zoona. Boma la Mchinji, kumene msewu wathu wa Namitete umaloza, kale linkatchedwa Fort Manning, dzina la William Manning, Mngerezi amene anagwirapo usilikali ku India asanabwere kuno ndipo pambuyo pake anadzakhala bwanamkubwa wa Nyasaland.

Pambuyo pa asilikali panabwera amalonda, ambiri ochokera ku chigawo cha Gujarat, Asilamu ndi Ahindu. Panalinso ochepa ochokera ku Goa, Akatolika anzathu okhala ndi maina a Chipwitikizi, omwe ankagwira ukalaliki ndi utelala. Masiku oyambirirawo ndalama ya ku India inkayenda kuno, ndipo dzina lake linalowa m'chilankhulo chathu. Amene anawerengapo Buku Lopatulika lakale akukumbukira kuti malipiro a antchito a m'munda wa mphesa anawatchula ndi mawu oti rupiya. Samusa ndi chapati zinalowa m'khitchini mwathu kudzera khomo lomwelo.

Masitolo a kumidzi ndi chaka cha 1978

Funsani agogo za sitolo ya mmwenye, adzakuuzani za nsalu, mchere, makasu, palafini ndi singano, za telala wokhala pakhonde ndi makina ake, ndiponso za basera yemwe mwana ankalandira akagula katundu. Amalondawa anafika m'malo omwe makampani a azungu sankafikako, ndipo banja lonse linkagona kuseri kwa sitolo. Koma boma la atsamunda linasanja anthu m'magawo atatu, mzungu pamwamba, mmwenye pakati, munthu wakuda pansi, aliyense ndi sukulu yake. Kusanjaku kunasiya zilonda. Madandaulo okhudza malipiro ochepa ndi kunyozedwa kwa antchito anayamba nthawi imeneyo, ndipo akumvekabe.

Kuyambira mu 1970 boma la Dr Kamuzu Banda linayamba kulamula amwenye kuti achoke m'malo a malonda a kumidzi, ndipo pofika mu 1978 analoledwa kuchita malonda ku Blantyre, Lilongwe, Zomba ndi Mzuzu kokha. Cholinga chinali choti Amalawi atenge malondawo, ndipo masitolo a Chipiku anakhazikitsidwa kuti azipikulitsa katundu kwa ogulitsa ang'onoang'ono. Ena anapinduladi. Koma ambiri amene anatenga masitolowo analibe mpamba wokwanira ngakhale wowakongoza katundu, ndipo m'malo ambiri nyumbazo zinasanduka mabwinja, anthu n'kumayenda mtunda wautali kukagula chimene kale ankachipeza pafupi. Mabanja ambiri a amwenye anasamukira ku Britain, makamaka mumzinda wa Leicester, kumene mpaka lero kuli okalamba olankhula Chichewa. Sir Iqbal Sacranie, amene anatsogolera bungwe lalikulu la Asilamu ku Britain kuchokera mu 2002 mpaka 2006, anabadwira m'Malawi muno. Ife tikuona kuti dandaulo la Amalawi linali lomveka, koma kusamutsa anthu chifukwa cha mtundu wawo, ena obadwira konkuno ndipo osadziwa kwawo kwina, sikunachize chilondacho.

Nkhani ya chiboliboli cha Mahatma Gandhi inaonetsa kuti chilondacho chikadalipo. Mu 2018 boma la India litafuna kuchiimika ku Ginnery Corner mumzinda wa Blantyre, achinyamata ena anakana, ponena kuti Gandhi ali ku South Africa, kumene anakhala kuchokera mu 1893 mpaka 1914, analemba mawu onyoza anthu akuda. Khoti linaimitsa ntchitoyo. Chiboliboli chinadzaikidwa mu 2020 mkati mwa ofesi ya kazembe wa India ku Lilongwe.

A kuno amene anapita ku India

Ulendowu sunali wa mbali imodzi. Ku Gujarat ndi ku Karnataka kuli anthu akuda otchedwa Siddi, zidzukulu za Aafirika omwe ambiri anapita kumeneko ngati akapolo. Ena anatengedwa ndi Apwitikizi kuchokera ku Mozambique kupita ku Goa, n'kuthawira m'nkhalango. Pakati pawo pali Asilamu, Ahindu ndi Akatolika, ndipo gule wa a ku Gujarat amatchedwa goma, mawu amene sitifunikira womasulira kuti tiwamve.

Mu 1864 David Livingstone anawoloka nyanja yamchere pa kasitima kake, Lady Nyassa, mpaka ku Bombay, mzinda umene lero ndi Mumbai. Anatenga anyamata awiri, Chuma ndi Wekotani, omwe anawomboledwa kwa ogula akapolo m'mapiri a Shire mu 1861, ndipo anawasiya pa sukulu kumeneko. Chuma ndi mmodzi mwa amene anadzanyamula mtembo wa Livingstone kuchoka kwa Chitambo mu 1873 mpaka ku gombe la nyanja. Amene analemba mawu pa mtengo pomwe anakwirira mtima wake, Jacob Wainwright, anali Myao wophunzira pa sukulu ya mishoni ya Nasik, ku India komweko.

Chikamwini chilikonso

M'madera ambiri a India makolo a mkazi ndi amene amapereka chuma ku banja la mwamuna, mosiyana ndi malowolo a Angoni ndi Atumbuka. Mwambowu wasautsa mabanja ndipo waphetsa akazi ambiri, ngakhale lamulo linauletsa mu 1961. Koma kumpoto chakum'mawa, m'chigawo cha Meghalaya, kuli mitundu ya Khasi ndi Garo imene Mchewa sangaione yachilendo. Ana amatsata mtundu wa mayi. Pakati pa Akhasi mwana wamkazi wotsiriza ndi amene amasunga nyumba ndi chuma cha makolo, mwamuna wake amadzakhala pakhomopo ngati mkamwini, ndipo malume ali ndi mawu pa nkhani za mbumba. Anthu ambiri m'chigawochi ndi akhristu, choncho mafunso amene makatekisiti athu amakumana nawo, a udindo wa bambo pa ana ake pamene pali malume, nawonso amawadziwa.

Mpingo ku India

Akhristu a ku Kerala amasunga mwambo wakuti mtumwi Tomasi anafika kwawo m'chaka cha 52 ndipo anaphedwa ku Mylapore, mumzinda wa Chennai wa lero. Chikhristu chinazika mizu kumeneko zaka mazana ambiri Apwitikizi asanafike. N'chifukwa chake Akatolika a ku India ali m'miyambo itatu ya chipembedzo: wa Chilatini umene ifenso timatsata, wa Syro-Malabar ndi wa Syro-Malankara, yonse mu umodzi ndi Papa. Francis Xavier Woyera anafika ku Goa mu 1542 atakhala miyezi ingapo pa chilumba cha Mozambique, ndipo thupi lake likusungidwa ku Goa m'tchalitchi cha Bom Jesus. Ku Goa komweko n'kumene kunachokera Bambo Gonçalo da Silveira, Myezuiti amene anakwera Zambezi kudutsa ku Tete ndipo anaphedwa ku likulu la Mwene Mutapa mu 1561.

Alphonsa Woyera wa ku Kerala anaikidwa m'gulu la oyera mu 2008, Mayi Teresa wa ku Kolkata, wobadwira ku Skopje ku Ulaya, mu 2016, ndipo Devasahayam, mkhristu wamba wofera chikhulupiriro, mu 2022. Tisabise kuti tsankho la magulu obadwa nawo linalowanso mu Mpingo, mpaka m'maparishi ena akhristu a Chidalit ankapatsidwa malo awoawo m'tchalitchi ndi kumanda. Kadinala woyamba wochokera mwa iwo, Anthony Poola wa ku Hyderabad, anasankhidwa mu 2022.

Mankhwala ndi nandolo

Mu 2001, pamene mankhwala otalikitsa moyo a ma ARV ankagulidwa madola a ku America oposa 10,000 pa munthu pa chaka, kampani ya Cipla ya ku Mumbai inalengeza kuti igulitsa mankhwala atatu ofunikawo pa madola 350. Inawaphatikiza m'mbulu umodzi wotchedwa Triomune, ndipo ndi umene anthu ankalandira boma litayamba kupereka ma ARV aulere mu 2004. Amene tinaika abale m'manda m'zaka za m'ma 1990 tikudziwa kusiyana kwake. Mitundu ya mankhwala yasintha kuchokera nthawi imeneyo, koma mukayang'ana pa botolo lomwe mwalandira ku chipatala, kawirikawiri mudzapeza dzina la mzinda wa ku India.

Pa ulimi ubalewu uli ndi minga. Nandolo kwawo ndi ku India, ndipo dzikoli ndi limene limagula nandolo wambiri wa kuno, makamaka wa m'maboma a kumwera. Mu 2017 India atakolola wake wochuluka anachepetsa wogula kunja, mtengo unagweratu, alimi athu n'kutsala ndi matumba m'nyumba. Mu 2021 maboma awiriwa anagwirizana kuti India azigula matani 50,000 pa chaka kwa zaka zisanu. Ife a kuno timalima kwambiri fodya, mtedza ndi soya, koma tikudziwa mmene zimawawira kudalira wogula mmodzi. Mu Okutobala 2024 Droupadi Murmu anakhala pulezidenti woyamba wa India kuchezera Malawi, ndipo iyenso ndi mayi woyamba wochokera m'mitundu ya kumidzi yotchedwa Adivasi kukhala pa mpandowo.