Kalaliki wa pa Mgodi ndi Anthu a M'komponi

Njanji yochokera ku Gweru kupita ku Mvuma imadutsa pa Lalapanzi, tauni yaing'ono ya migodi ya chrome m'chigawo cha Midlands ku Zimbabwe. M'makomponi a dera limeneli munadzaza machona ochokera ku Nyasaland. Pa mgodi wa Falcon ku Mvuma panagwirapo ntchito ya ukalaliki mnyamata wa ku Chifira m'boma la Nkhata Bay, wophunzira ku Livingstonia, dzina lake Clements Kadalie.

Atafika ku Cape Town, Kadalie anayambitsa bungwe la apantchito la ICU m'chaka cha 1919, ndipo pofika 1927 mamembala ake anali pafupifupi 100,000. Mbiri imatama kulankhula kwake, koma zimene ankalankhulazo anthu a m'migodi ankazidziwa kale. Charles van Onselen, m'buku lake lotchedwa Chibaro la 1976, akusonyeza kuti anthuwa ankachenjezana m'njira za migodi yankhanza, kuipatsa maina oitonza, ndi kuthawa zikafika povuta. Kalaliki uja anatuluka m'gulu lodziwa kale kukana.

Chaka cha 1927 chinaonetsa poyera kumene mphamvu inagona. Robert Sambo, wa ku Nyasaland yemwenso, anayamba kufalitsa ICU ku Bulawayo, ndipo boma la atsamunda linamupitikitsa m'dzikomo, poganiza kuti mutu ukachoka thupi ligwa. Koma chaka chomwecho anthu pafupifupi 3,500 a pa mgodi wa Shamva, ambiri mwa iwo a ku Nyasaland, ananyanyala ntchito pofuna malipiro abwino, popanda mtsogoleri wotchuka wowalamula. Ku Bulawayo nako, Masotsha Ndlovu anapitiriza ntchito imene Sambo anasiya.

Ku South Africa zinthu zinayenda mosiyana. Atsogoleri a ICU anayamba kukangana pa za ndalama ndi maudindo. A. W. G. Champion anapatuka ndi nthambi ya ku Natal mu 1928, ndipo Kadalie anatula pansi udindo mu 1929. Anthu amene ankasonkha ndalama zawo zochepa ataona kuti malonjezo sakupherezeka, analeka kusonkha, bungwe n'kufota.

Boma linatha kuchotsa Sambo koma silinathe kuzimitsa mkwiyo wa m'komponi. Kadalie anakhalabe ndi mawu ake amphamvu mpaka imfa yake ku East London mu 1951, koma khamu lomumvera linali litabalalika kalekale. Akuluakulu ananena kuti mfumu ndi anthu.