Mtsinje wa Mulunguzi ndi Mbiri ya Phiri la Zomba

Phiri la Zomba ndi limodzi mwa mapiri amene banja lingathe kukwera m'mamawa ndi kutsika dzuwa lisanalowe. Ambiri a ife tikamapita kumeneko, mtima umakhala pa malo awiri: mathithi a Williams, ndi dziwe la Chagwa limene lili pamwamba pakati pa mitengo ya paini. Koma njira yopita ku malo amenewa itsata mtsinje wa Mulunguzi, ndipo mzinda wa Zomba udakula chifukwa cha madzi a mtsinje umenewu. Munthu woyenda mofatsa angathe kuiwerenga mbiriyo kuyambira kutsinde kufikira pamwamba.

Tiyambire kutsinde. Kale m'dera lino munkakhala Anyanja, ndipo cha m'ma 1860 mudafika Ayao a mafumu monga Malemia ndi Mlumbe. David Livingstone ndi John Kirk adadutsamo mu 1859, chaka chimene adaona nyanja ya Chilwa. Koma Mzungu amene adakhazikika ndi John Buchanan wa ku Scotland, yemwe adabwera ndi Mishoni ya Blantyre mu 1876 monga mlimi. Iyeyu ataona kuti Mulunguzi suphwa ngakhale m'chilimwe, adabzala khofi ndi nzimbe m'mbali mwake. Mu 1891 Harry Johnston adasankha Zomba kukhala likulu la boma la Atsamunda, ndipo Alexander Whyte adatsegula munda wa mitengo ndi maluwa m'mphepete mwa mtsinje womwewo. Mundawo ulipo mpaka lero. Nyumba za boma, misasa ya asilikali ndi msika, zonsezi zidadza pambuyo pa madzi.

Komatu mtsinje umene udalera mzinda udauonetsanso ukali wake. M'mwezi wa Disembala 1946 mvula idagwa pa phirili usana ndi usiku, yoposa mamilimita 700 m'tsiku limodzi ndi theka. Dothi la m'matherezi litakhuta madzi lidalekana ndi thanthwe, ndipo matope, miyala ndi mitengo zidatsika pamodzi, kugumula milatho ndi nyumba. Anthu oposa 20 adafa. Makolo athu adati wadutsa Napolo, chinjoka chokhala pansi pa phiri chimene chimasamuka kupita kunyanja. Kaya tinena mwa makolo kaya mwa ophunzira, phunziro lake ndi limodzi: madzi saiwala khwawa. Anthu a ku Phalombe adaonanso zomwezi mu 1991, ndipo namondwe wa Freddy adatikumbutsa tonse mu 2023.

Kuchoka mumzinda, oyenda pansi amakwera njira yotsetsereka imene idatchuka chifukwa cha alimi amene ankatsitsiramo mbatata kuchokera pamwamba kupita nayo kumsika. Thukuta limatuluka ndithu, koma tikafika pamwamba mphepo yozizira imatilandira, pakuti nsonga zina za phirili zipitirira mamita 2,000. Posakhalitsa timaona damu la Mulunguzi. Mlendo angayese kuti ndi nyanja yachilengedwe, koma ayi, ndi ntchito ya manja a anthu. Khoma lake lidamangidwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 anthu atachuluka mumzinda, ndipo madzi a m'mipope ya ku Zomba amachokera pamenepa. Mwana wa sukulu, wodwala m'chipatala, wophunzira wa ku yunivesite imene idasamukira kuno mu 1973 ndi dzina la Chancellor College, onsewa amamwa madzi amene ife timaima n'kumawayang'ana.

Tikapitirira damu timalowa m'nkhalango ya mitengo yachilengedwe imene idatsala m'mbali mwa mtsinje. Timadutsa mathithi a Mandala, dzina lomwe makolo adapatsa John Moir wa kampani ya African Lakes chifukwa cha mandala amene ankavala m'maso. Timadutsanso maiwe oweteramo nsomba za trauti, zimene Azungu adabwera nazo poona kuti madzi a kuno ndi ozizira ngati a kwawo. Kenaka phokoso la mathithi a Williams limayamba kumveka tisanawaone. Madzi ake amatsika m'miyala mosanjikizana, oyera ngati ufa, ndipo pamenepa ndi pamene mabanja amamasula kamba wao.

Tisadye msanga tisanadzifunse: nanga madzi awa achokera kuti mwezi wa Okutobala, mvula italeka kalekale? Yankho lili pansi pa mapazi athu. Masamba ovunda, mizu ndi udzu wa m'madambo a pamwamba zimamwa mvula ya dzinja ngati chinkhupule, ndipo zimaitulutsa pang'onopang'ono chaka chonse. Ndi chifukwa chake boma lidateteza nkhalango ya phirili kuyambira mu 1913. Pambuyo pake lidabzala paini wochokera ku Mexico kuti dziko lipeze matabwa, ndipo ndiye amene wazinga dziwe la Chagwa, kumene ulendo wathu umafika dzuwa lili paliwombo. Dziweli nalonso ndi lomangidwa ndi anthu, laling'ono, la bata, ndipo mitengo imaoneka m'madzi mwake ngati m'kalilole.

Kutsogolo pang'ono kuli malo awiri oonerapo dziko. Ena adatchulidwa polemekeza mayi wa Mfumukazi Elizabeth amene adacheza kuno mu 1957, enawo polemekeza Mfumu Haile Selassie ya ku Ethiopia imene idabwera mu 1965. Tikaima pamenepo timaona mzinda uli pansi, phiri la Mulanje patali, ndi nyanja ya Chilwa kumene madzi a Mulunguzi amakathera atalowa mu Likangala. Mlendo ndi mame. Abwanamkubwa adapita mu 1966, mafumu adacheza n'kubwerera kwao, ndipo likulu lenilenilo lidasamukira ku Lilongwe mu 1975. Mtsinje wokha ndiwo udatsala, ndipo watsala m'manja mwathu.

Apa ndi pamene mbiri itifunsa mlandu. Potsika madzulo timaona matherezi amene adali nkhalango atasanduka zitsa, ndi zipsera za moto wolusa wa m'chilimwe. Timakumana ndi amayi osenza mitolo ya nkhuni ndi anyamata okankha njinga zolemedwa. Tisafulumire kuwaloza chala, pakuti nkhuni ndi makalawo akukaphikira nsima m'nyumba zathu zomwe. Koma tidziwe kuti mtengo ukachoka mvula sikhalanso m'nthaka. Imathamanga tsiku limodzi, kukokolola dothi limene limakakwirira damu, ndipo m'chilimwe mtsinje umachepa. Woyamba kumva kuwawa ndi mayi wa pampope, kenaka mlimi wa mpunga ku Likangala, kenaka msodzi wa matemba ku Chilwa, nyanja yosaya imene idaphwa mu 1995 ndi kutsala pang'ono kutheratu mu 2018.

Tsono tikamatenga ana kupita nao ku mathithi, tisangowaonetsa madzi akugwa. Tiwafotokozere za Buchanan ndi za Napolo, tiwagwiritse dothi lonyowa la pansi pa mitengo, ndipo mvula ikayamba tikabzale nao mbande, kaya kuphiri kaya kumtsinje wa kwathu. Paja akulu adati chitsime chidziwika kuya chikaphwa. Ife amene tauona Mulunguzi ukuyenda tisadikire tsiku limenelo.